Anabwera kudzazulitsa dzino: lipoti la mayi wa zaka 47 wodwala chiseyeye

Mayi amene ndikufotokoza pano anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo ndachotsa dzina ndi zonse zimene zingawazindikiritse. Ndakhala ndikuwaona kwa miyezi 14. Matenda awo si achilendo, dokotala wa mano aliyense amakumana nawo sabata ndi sabata. Chimene chandilembetsa ndi masabata awiri oyambirira, pamene ndinawauza zonse zoyenera koma m'kamwa mwawo osasintha kanthu, ndiponso zimene zinatsatira nditasiya kulongosola n'kuwapempha kuti atsuke mano ine ndikuona.

Chimene anabwerera

"Adokotala, ndabwera kuti mundizule dzino ili. Likugwedera, ndatopa nalo." Analoza limodzi mwa mano anayi akutsogolo a m'munsi. Polankhula ankaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo nditafunsa chifukwa chake anati mwana wawo wamkazi anawauza mwaulemu kuti m'kamwa mukumveka fungo.

Magazi anayamba kutuluka m'nkhama zaka zitatu m'mbuyomo. Poyamba ankatuluka potsuka mano pokha, kenako poluma chinthu cholimba, ndipo m'miyezi yomalizira ankadzuka m'mawa n'kupeza timadontho pa pilo. Nditawafunsa zimene anachita ataona magaziwo, anayankha mawu amene ndimawamva kwa anthu ambiri: "Ndinkaona ngati ndi bala. Ndiye bala sulikwecha, umalisiya lipole." Kuchokera pamenepo mswachi ankaudutsitsa kunsonga kwa mano kokha, kutali ndi nkhama. Ankatsuka kamodzi, m'mawa. Usiku sankatsuka. Mswachi wawo unali wolimba ndipo unali utatha miyezi yoposa 8. Pakati pa mano ankangotokosa pamene chakudya chatsakamira.

Nkhama zinatupapo katatu n'kutuluka mafinya. Ulendo uliwonse ankamwa amoxicillin, chotupacho n'kuphwa, pakapita miyezi n'kubweranso. Mano awiri akumbuyo anazulidwa kwina chifukwa chogwedera, ndipo palibe amene anawayeza nkhama nthawi imeneyo.

Sasuta fodya, samwa mowa, ndipo sankamwa mankhwala aliwonse a tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo ndi yokhala pansi tsiku lonse, kapu ya tiyi ili pambali. M'kapu iliyonse ankathira masupuni atatu a shuga, ndipo ankamwa makapu asanu kapena kuposa, pang'onopang'ono, moti kapu imodzi inkatha ola lathunthu. Anati amamwa chonchi chifukwa kukhosi kumauma. Mawu amenewa anandichititsa kufunsa zambiri. Usiku ankadzuka katatu kukataya madzi. Zovala zinali zitayamba kuwakhwepa osadziwa chifukwa. Amayi awo anali ndi matenda a shuga, ndipo mano anawathera asanafike zaka 60. "Ndi kumtundu kwathu," anatero, ngati munthu amene nkhaniyo anaigamula kale.

Zimene ndinapeza

M'kamwa munali mano 26. Nkhama zinali zofiira, zotupa ndi zonyezimira, makamaka timsonga tija timadzaza pakati pa dzino ndi dzino. Malovu anali ochepa ndi onanda, moti kagalasi kanga kankamatirira kutsaya. M'mphepete monse mmene dzino limakumana ndi nkhama munali litsiro lofewa loyererako limene ife timalitcha plaque. Kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi litsirolo linali litauma n'kusanduka tartar, chikhakha cholimba ngati mwala chimene chinalumikiza mano asanu ndi limodzi pamodzi. Pamenepa ndi pamene tartar amakonda kuunjikana mwa anthu ambiri, chifukwa malovu amatulukira pansi pa lilime chapafupi pomwepo, ndipo mchere wa m'malovu ndi umene umaumitsa plaque.

Poyeza nkhama timagwiritsa ntchito kachitsulo kopanda msonga kokhala ndi timizere ta mamilimita. Timakalowetsa mwapang'onopang'ono pakati pa dzino ndi nkhama, malo 6 pa dzino lililonse. Pa munthu wa nkhama zabwino kamalowa milimita imodzi mpaka atatu, ndipo magazi satuluka. Kakalowa mamilimita anayi kapena kuposa, ndiye kuti papangika kathumba kamene mswachi sungafike pansi pake. Pa mayiwa malo oyeza anali 156. Magazi anatuluka pa malo 112. Timatumba takuya mamilimita 6 kapena kuposa tinali pa malo 19, ambiri mwa iwo kumano akumbuyo.

Dzino limene anabwerera lija linkagwedera chammbali kupitirira milimita imodzi, koma silinkatitimira ndikalikanikiza. X-ray inaonetsa kuti fupa logwira muzu wake linali litadyeka pafupifupi theka. Dzino limene linandidetsa nkhawa linali lina, lotafunira lakumwamba kumanja, limene iwo sanalitchule n'komwe. Linali ndi kathumba ka mamilimita 10, mafinya ankatuluka, fupa la pakati pa mizu yake itatu linali litatha, ndipo linkatitimira. Ndinapezanso mano atatu obooka, awiri m'khosi mwa dzino pafupi ndi nkhama, limodzi pakati pa mano.

Chifukwa cha ludzu lija ndinawapempha kuti ndiwabaye chala. Shuga anali 14.2 mmol/L, maola oposa awiri chidyereni. Munthu amene ali ndi zizindikiro ngati zawozi akapezeka ndi 11.1 kapena kuposa, ayenera kuonedwa ndi dokotala wa matenda a shuga mosachedwa. Ndinalemba kalata tsiku lomwelo. Patatha masiku anayi zotsatira zinabwera: HbA1c, muyezo umene umasonyeza mmene shuga wakhala akuyendera m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu, inali 9.1 peresenti. Matenda a shuga amatsimikizika kuyambira pa 6.5. Dokotala wa shuga anawayambitsa metformin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi.

Matenda ake

Mawu akuti chiseyeye timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zimene ndi bwino kuzisiyanitsa. Choyamba ndi kutupa kwa nkhama zokha, fupa lisanakhudzidwe. Kumeneku kumatheratu munthu akayamba kutsuka bwino. Chachiwiri ndi pamene kutupako kwalowa pansi n'kuyamba kudya timinyewa ndi fupa zimene zimagwira muzu. Apa matenda tikhoza kuwaimitsa, koma fupa limene lapita nthawi zambiri silibwerera. Mayiwa anali pa chachiwirichi. Potsatira kagawidwe kamene akatswiri a nkhama a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana pa msonkhano wa ku Chicago mu 2017, matenda awo anali pa gawo lachitatu mwa magawo anayi, ofalikira m'kamwa monse. Analinso m'gulu C, la matenda othamanga, chifukwa munthu wa shuga amene HbA1c yake yafika 7.0 amaikidwa m'gulu limeneli.

Gwero lake ndi plaque. Si zotsalira za chakudya ayi, koma mabakiteriya amene amamanga mudzi wawo pa dzino n'kudziphimba ndi ulimbo umene madzi sangauchotse. Amayambiranso kumanga patangotha maola ochepa munthu atatsuka. Akakhala m'mphepete mwa nkhama masiku angapo osasokonezedwa, thupi limatumiza magazi ambiri pamalopo kuti lilimbane nawo, timitsempha timatupa n'kumaphulika tikangokhudzidwa. Amenewo ndiwo magazi amene munthu amalavula. Nkhondoyi ikapitirira zaka, chimene chimagumula fupa kwambiri ndi chitetezo cha thupi la munthu yemweyo, chimene chimawononga za pakhomo pofuna kuthamangitsa mdani amene sakuchoka. Harald Löe ndi anzake ku Denmark anaonetsa chiyambi cha zimenezi mu 1965. Anapempha anthu 12 a nkhama zabwino kuti asiye kutsuka mano. Pasanathe masabata atatu onse anali ndi nkhama zotupa, ndipo atayambiranso kutsuka zinachira pa sabata imodzi yokha. Löe yemweyo mu 1993 anatcha chiseyeye vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi matenda a shuga, kuwonjezera pa la maso, impso, mitsempha ndi ena odziwika aja. Shuga akakwera, thupi limapsa mtima msanga ndi mabakiteriya ndipo zilonda zimachedwa kupola. Nkhama zotupa nazo zimachititsa kuti shuga avute kutsika.

Mayiwa sanalakwitse kwenikweni ponena za kumtundu. Anthu ena amabadwa ndi thupi limene limagonja msanga ku chiseyeye, ndipo shuga nayenso amayenda m'banja. Chimene sanadziwe n'chakuti popanda plaque wokhalitsa m'mphepete mwa nkhama, kumtunduko sikupeza pogwira.

Ulendo woyamba, ndi kulephera kwanga

Ndinawauza kuti dzino lakutsogolo sindilizula, chifukwa ndinkaona kuti likhoza kulimbanso kutupa kukatha, koma lakumbuyo lija lifunika kuchoka. Sanasangalale. Anabwera ndi dzino limodzi m'maganizo, ine n'kuwasonyeza lina. Ndinachotsa tartar wa pamwamba pa nkhama ndi makina onjenjemera amene amamugumula, kenako ndinayamba kuphunzitsa. Ndinatenga chidole cha mano ndi mswachi waukulu wophunzitsira, n'kufotokoza za kutsuka kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mswachi wofewa, pakati pa mano, fluoride (mchere wolimbitsa mano umene umaikidwa m'mankhwala otsukira), shuga wa mu tiyi, lilime, ndi kusintha mswachi miyezi itatu iliyonse. Ankagwedeza mutu n'kumati, "Ndamva, adokotala." Ndinawapatsa pepala lolembapo zonsezo.

Atabweranso patatha masabata awiri, plaque anali mmene analili, ndipo nkhama zinkatuluka magazi ndikangozikhudza. Anati akutsuka kawiri tsiku lililonse, ndipo sindinakayike. Mswachi watsopano anagula, pepala lija analimata pakhoma. Vuto linali kwa ine. Ndinawauza zinthu zisanu ndi zitatu tsiku limene anali atangomva kuti mwina ali ndi shuga ndiponso kuti ataya dzino. Ndinawaonetsa pa chidole chimene sichimva kuwawa ndipo sichituluka magazi. Choposa zonse, sindinakhudze mantha amene anawasiyitsa kutsuka m'nkhama zaka zitatu zapitazo. Ndinawauza kuti azitsuka, koma sindinawauze choti achite magazi akayamba kutuluka.

Ulendo wachiwiri

Tsiku limenelo ndinasiya zonse zimene ndinakonza. Ndinawapatsa kapiritsi kamene kamapaka plaque utoto. Atakatafuna n'kulavula, ndinawapatsa galasi. Kunsonga kwa mano kunali koyera bwino. M'mphepete mwa nkhama munali mzere wofiirira wosaduka, kuchokera dzino lomaliza kumanja mpaka lomaliza kumanzere, ndipo mkati chakulilime munali moipa kuposa kunja. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, "Ndiye mmene ndimatsukira muja ndimatsuka poyera kale?"

Ndinawapempha kuti atsuke mmene amatsukira kunyumba. Ndinayang'ana wotchi: masekondi 40. Ankakwecha chopingasa ndi mphamvu, kutsogolo kokha kumene kumaoneka munthu akaseka. Mswachi ukayandikira nkhama, dzanja linkabwerera lokha.

Ndinagwira dzanja lawo n'kupendeketsa mswachi kuti nsonga zake ziloze kumene dzino limalowera m'nkhama, pafupifupi madigiri 45, mmene Charles Bass, dokotala wa ku New Orleans, ankaphunzitsira. Theka la mswachi pa dzino, theka pa nkhama. Osakwecha, koma kunjenjemeretsa pamalo amodzi kangapo, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kenako n'kusuntha. Mphamvu yake ndi yongokwanira kuti nsongazo zipindike pang'ono. Kuseri kwa mano akutsogolo mswachi umaimikidwa chilili. Magazi anatuluka nthawi yomweyo, ndipo anafuna kusiya.

"Pitirizani, mayi. Magazi amenewa sakuchokera pa bala la mswachi. Nkhama zatupa chifukwa cha litsiro mwalionali. Mukalichotsa tsiku lililonse, magazi achepa mkati mwa sabata imodzi kapena awiri. Mukalisiya, sadzasiya."

"Ndiye pamene pakutuluka magazi ndi pamene ndizitsuka kwambiri?"

"Ndi pamene muzitsuka mosamala, osaphonya tsiku."

Anatsuka mpaka utoto wonse unachoka. Zinatenga mphindi zinayi. Ndinawapempha kuti ayendetse lilime m'mano kuti adziwe mmene dzino loyera limamvekera, chifukwa kunyumba alibe piritsi la utoto tsiku lililonse koma lilime ali nalo. Plaque amamveka ngati ubweya, dzino loyera limaterera.

Ndinawapatsa ntchito imodzi yokha ya masabata awiri otsatira: kutsuka motero usiku uliwonse asanagone, pambuyo pake osadya kapena kumwa china kupatula madzi. Ndinasankha usiku chifukwa munthu akagona malovu amachepa kwambiri, ndipo malovu ndi amene amatsuka m'kamwa, kuziziritsa asidi ndi kubwezera mchere m'dzino. Kwa munthu wouma m'kamwa kale ngati iwo, kugona ndi plaque n'koopsa kawiri. Za m'mawa ndinati apitirize mmene angathere.

Asanatuluke ndinapempha kuona mankhwala otsukira mano amene amagwiritsa ntchito, popeza anali nawo m'chikwama. Tinawerengera limodzi timalemba ting'onoting'ono ta pachubu. Munalibe fluoride. Ndinawalembera pa kapepala nambala yoti akayang'ane, 1450 ppm, imene imasonyeza kuchuluka kwa fluoride. Wamkulu amafunika mankhwala a pakati pa 1350 ndi 1500 ppm, ndipo otsika pansi pa 1000 sateteza mokwanira. Fluoride sachiza chiseyeye, ntchito yake ndi kulimbitsa dzino kuti lisabooke, koma mayiwa anali ndi mano atatu obooka kale ndipo mizu inali pafupi kuonekera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2021. Ndinawonjezera chinthu chimodzi chimene anthu ambiri chimawadabwitsa: akatsuka azingolavula thovu, osachukucha ndi madzi, kuti fluoride atsalire pa mano. Anati zimenezo ziwavuta. Zinawavutadi kwa sabata imodzi, kenako anazolowera.

Patatha masabata awiri analowa akumwetulira, dzanja lili pambali. Magazi a pa pilo anali atasiya pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Apa m'pamene ndinawaphunzitsa za pakati pa mano, kumene mswachi wamba sufika ngakhale munthu atsuke bwino chotani, ndiponso kumene timatumba tawo takuya tonse tinali. Kumano akumbuyo mipata inali yotakasuka chifukwa fupa linatsika, choncho ndinawayezera timiswachi ting'onoting'ono ta pakati pa mano, masaizi awiri. Kamswachi koyenera kamalowa mothina pang'ono koma mosakakamiza. Kakamalowa mokhwepa, sikatsuka m'mbali. Pa mipata yotere timiswachi timachotsa plaque kuposa ulusi, chifukwa muzu wa dzino uli ndi timigwa timene ulusi umangodumpha pamwamba pake. Ulusi ndinawasiyira mano akumwamba akutsogolo okha, amene ndi othinana.

Nkhani ya tiyi tinaikamba komaliza, ndipo inali itapepuka kale chifukwa kwa dokotala wa shuga anali atawauza zofanana. Ine ndinangowonjezera mbali ya mano. Shuga akalowa m'kamwa, mabakiteriya a mu plaque amamusandutsa asidi m'mphindi zochepa. Asidiyo akafika pa 5.5 pa muyezo wa ukali wa asidi wotchedwa pH, chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka, ndipo muzu, umene ulibe chikutocho, umayamba kusungunuka asidi asanafike n'komwe pamenepo. Malovu amafuna theka la ola mpaka ola kuti abwezeretse zinthu m'malo. Munthu amene akumwa tiyi wa shuga pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo sawapatsa malovu mpata umenewo. N'chifukwa chake kwa mano, kuchuluka kwa maulendo amene shuga walowa m'kamwa n'kofunika mofanana ndi kuchuluka kwa shugayo. Masupuni 15 amene ankathira mu tiyi yekha anali opitirira masupuni pafupifupi 12 amene WHO imati wamkulu asapyole pa tsiku lonse, ndipo bungweli limati 6 ndiye abwino koposa. Anatsitsa supuni imodzi imodzi mpaka anasiyiratu, ndipo pa tebulo lawo la ntchito pakhala botolo la madzi.

Zimene ndinachita pa mpando

Kutsuka pansi pa nkhama ndinakuyamba plaque atachepa, osati asanachepe. Ndimaumirira ndondomeko imeneyi chifukwa timatumba totsukidwa bwino timadzazanso mabakiteriya m'masabata ochepa ngati pamwamba pake pakhala pakuda. Malangizo a bungwe la akatswiri a nkhama a ku Ulaya a mu 2020 amayambanso ndi zomwezi: choyamba kutsuka kwa wodwala ndi kuthana ndi fodya kapena shuga, kenako zida za dokotala.

Ndinagwira ntchitoyi maulendo awiri, mbali imodzi ya kamwa ulendo uliwonse, nditabaya jakisoni wa dzanzi. Ankabwera m'mawa atadya ndiponso atamwa mankhwala awo. Dzino lakumwamba kumanja ndinalizula pa ulendo wachiwiri wa ntchitoyi, ndipo bala linapola bwino ngakhale linachedwerapo. Mano atatu obooka ndinawamata, awiri a m'khosi aja ndi glass ionomer, imene imagwira ngakhale pamalo ovuta kuumitsa ndipo imatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Pa mizu yoonekera ndinapakapo vanishi wa fluoride.

Anafunsa ngati ndiwapatsa amoxicillin. Sindinawapatse. Analibe malungo, kutupa sikunafalikire kumaso kapena kukhosi, ndipo maulendo atatu am'mbuyo aja anali ataonetsa kale kuti mapiritsi amaphwetsa chotupa koma sachotsa tartar amene wamatirira pa muzu. Mankhwala ochukuchira a chlorhexidine ndinawapatsa a masiku 10 okha, pa nthawi imene bala la dzino lozulidwa linkawaletsa kutsuka bwino mbali imeneyo. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano ndi lilime ndipo chakudya chimasiya kukoma. Ndimaopanso kuti wodwala angayambe kudalira botolo n'kuiwala mswachi.

Ndinawachenjeza zinthu ziwiri pasadakhale, poopa kuti angaganize kuti ndawawononga. Kutupa kukatha nkhama zimafota n'kutsika, mano amaoneka atali ndipo pakati pake pamaoneka timipata takuda. Komanso mano amayayamira ndi madzi ozizira kwa masabata angapo. Zonse ziwiri zinachitika. Timipata takutsogolo tinawakhumudwitsa, ndipo ndinawauza zoona kuti sitidzatsekeka.

Patatha miyezi itatu

Mano anali 25, malo oyeza 150. Magazi anatuluka pa malo 27, kuchoka pa 112. Timatumba ta mamilimita 6 kapena kuposa tinatsala pa malo atatu, onse kumano otafunira akumwamba kumanzere, ndipo ndinatsukanso pamenepo. Dzino lakutsogolo linali likugwederabe koma pang'ono, moti ankaluma nalo osaganizira. Fungo linatha. HbA1c inatsika kufika pa 7.6.

Pa kutsika kwa shugaku sindikufuna kudzitengera ulemu umene si wanga. Gawo lalikulu linachokera ku metformin ndi kusintha kadyedwe. Kafukufuku wa mu 2022 wa bungwe lounika za umoyo la Cochrane, amene anasonkhanitsa zoyesa zambiri, anapeza kuti kuchiza chiseyeye kumatsitsa HbA1c ndi pafupifupi 0.4 pakatha miyezi itatu kapena inayi. Si zazing'ono kwa munthu wa shuga, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti shuga wawo anadziwikira pa mpando wa mano, chifukwa cha funso lokhudza tiyi. Anzanga a ntchito imeneyi, munthu wa zaka za m'ma 40 akabwera ndi zotupa za m'nkhama zobwerezabwereza ndiponso m'kamwa mouma, tisamulole atuluke tisanamufunse za ludzu ndi kukodza usiku.

Kubwerera m'mbuyo

Tinagwirizana zoonana miyezi itatu iliyonse. Ulendo wa mwezi wachisanu ndi chimodzi unali wabwino. Wa mwezi wachisanu ndi chinayi anaudumpha, n'kubwera patapita masabata asanu. Mchemwali wawo anadwala kwambiri, ndipo iwo ndi amene ankagona kuchipatala kudwazika. Mswachi anali nawo, koma timiswachi ta pakati pa mano tinatha ndipo sanapeze mpata wogula tina. Magazi anatuluka pa malo 51, pafupifupi onse pakati pa mano. Kathumba kamodzi kamene kanali katatsika kufika mamilimita anayi kanabwerera pa 6.

Analowa akupepesa. Ndinawauza kuti palibe chopepesa, ndipo ndinkanena kuchokera pansi pa mtima. Chimene chinandilimbitsa n'chakuti anadziwa okha chimene chachitika ndisanayeze. Anati, "Nditaona magazi ndinadziwa kuti ndi pakati paja. Ulendo uno sindinasiye kutsuka." Kunja ndi mkati mwa mano, kumene mswachi wamba umafika, kunalidi koyera. Miyezi iwiri yopanda timiswachi inaonetsa bwino lomwe mbali imene chida chilichonse chimagwira, ndiponso kuti ntchito imene ndinagwira pansi pa nkhama siikhalitsa yokha. Ndimawaona kanayi pa chaka. Masiku ena 361 mano ali m'manja mwawo. Per Axelsson ndi Jan Lindhe ku Sweden anatsatira anthu kwa zaka 30 pa ndondomeko yotere, yophunzitsa kutsuka mobwerezabwereza ndi kuonana ndi wodwala nthawi ndi nthawi, ndipo amene anakhalabe m'ndondomekoyo anataya mano ochepa kwambiri pa zaka zonsezo.

Tinatsukanso malo amene anabwerera m'mbuyo. Tinagwirizananso kuti azisunga paketi ina ya timiswachi m'chikwama chimene amayenda nacho.

Mmene zilili pa mwezi wa 14

Magazi anatuluka pa malo 12 mwa 150, kutanthauza 8 peresenti, pansi pa malire a 10 peresenti amene timawerengera kuti nkhama zakhazikika. HbA1c ili pa 6.9. Palibe dzino latsopano lobooka, ndipo zomata zitatu zija zili bwino. Kuyayamira kunatha. X-ray ya dzino lakutsogolo ikuonetsa kuti fupa lili pamene linali, silinakwere ndipo silinatsike. Dzinolo likugwedera osafika milimita imodzi, ndipo sindinaone chifukwa cholimangirira ku anzake.

Patsala malo amodzi amene sindinakhutire nawo: kathumba ka mamilimita asanu kumbuyo kwa dzino lotafunira lachiwiri lakumwamba kumanzere, kamene kakutulukabe magazi. Ndi pamalo povuta kufika, ndipo ndawapatsa kamswachi ka mutu umodzi kosongoka kuti azifikira kuseriko. Kakapanda kusintha pa ulendo wotsatira, kapena kakafika mamilimita 6, ndidzawatumiza kwa katswiri wa nkhama kuti aone ngati pakufunika kutsegula nkhama n'kutsuka muzuwo ukuoneka. Za kuika dzino pa mpata wakumwamba kumanja tagwirizana kudikira mpaka nkhama zikhale bata chaka chathunthu. Mwana wawo wamkazi uja, wa zaka 24, nayenso amalavula magazi akamatsuka, ndipo mayi ake amulembetsa kuti adzabwere naye pa ulendo wa miyezi itatu ikubwerayi.